Zambawala Zikatha

Pakhoma la msasa wathu wa alenje, pamwamba pa mbaula ya nkhuni, pali michira ya mashati. Ukaphonya mbawala anzako atamva kulira kwa mfuti, madzulo ake umaimbidwa mlandu, amakutembenuza, n'kukudula m'munsi mwa shati kumbuyoku. Pakansaluko amalembapo dzina lako ndi chaka, n'kukakhoma ndi msomali kuti zidzukulu zako zidzadziwe kuti unali mlenje wotani. Mwambowu tinaupeza, ndipo m'misasa yambiri kuno kumapiri a kumpoto kwa Pennsylvania ulipobe. Yanga ilipo ingapo, sindibisa. Ina inada ndi utsi moti dzina silioneka, koma eni ake timawadziwa, ambiri ali kumanda.

Malemu mlamu wanga Orrin Kibbe anasaka pamsasa umenewo kuyambira ali mwana mpaka imvi mbuu, osasiyapo mchira ndi umodzi womwe. Kenaka atakalamba anasiya isanu motsatizana. Yonseyo ndinadula ndine, Wendell Trask, ndipo ndikufuna ndinene mmene zinakhalira, chifukwa anyamata a masiku ano akamaloza pakhomapo amati mdalayo maso anali atatha. Limenelo ndi bodza.

Orrin anali munthu wamtali, wowonda, wosayankhulayankhula. Tinakulira msewu umodzi, ndipo tonse tinakalambira kochekera matabwa, iye pamacheka aakulu, ine pokweza matabwa m'malole. Ukamufunsa funso ankayamba wayang'ana kuphiri, ngati yankho analisiya kumeneko. Koma kutchire anali munthu wina. Ankagwada pamapazi a mbawala n'kukuuza kuti iyi ndi yamphongo, yadutsa kusanache, ndipo ikutsimphina mwendo wakumanzere. Ife tinkanyamula zipolopolo bokosi lonse. Iye ankaika zitatu m'thumba la shati, ziwiri n'kubwera nazo.

Kwathu kuno chaka timachiwerenga ndi mbawala. Nyengo yosaka ndi masabata awiri okha, ndipo masiku amenewo inkayamba Lolemba lotsatira phwando la Kuthokoza, kumapeto kwa Novembala. Tsiku limenelo sukulu zinkatsekedwa, kochekera matabwa kunkangoti zii, ndipo munthu woika ukwati wake m'masabata amenewo ankadya keke yekha ndi apongozi ake. Tchuthi cha Orrin chinali masabata awiri pachaka, ndiye mutha kuona nokha kumene chinkathera.

Anakwatira mlongo wanga Lavonne, wamng'ono kwa ine, mkazi wapakamwa, woseka mokweza, amene ankasoka makatani ndi madiresi a akwati a chigwa chonse. Mmene anthu awiriwa anagwirizanirana musandifunse, koma ankakondana. Lavonne anali ndi kachizolowezi kodula zithunzi m'makalendala akale n'kuzimata pachitseko cha firiji. Panali mathithi a Niagara, chigwembe chachikulu cha ku Arizona, ndi nyanja yamchere ya kumadzulo, kumene kuli mitengo yofiira italiitali. Ankati ndi malo oti awaone ndi maso ake asanatsikire kuli chete.

"Bambo Kibbe," ankatero akamuikira khofi, "kunyanja kuja tipita liti?"

"Zambawala zikatha."

"Zinatha mwezi wathawu."

"Ndikunena zikubwerazi."

Mawu amenewo anakhala ngati dzina lake lachiwiri. Denga likadontha, zambawala zikatha. Dzino likawawa, zambawala zikatha. Mwana wawo Darla anakula akudziwa kuti njinga yake ikonzedwa zambawala zikatha. Lavonne ankaseka, koma ine ndinabadwa naye bere limodzi, ndinkadziwa kuseka kwake koona ndi kuseka kophimbira. Ndinamuuzapo Orrin kuti alamu, zengerezu analinda kwawukwawu. Anayang'ana kuphiri.

Ndisamunamizire munthu wakufa, atapuma pantchito anayesetsa. Anagula galimoto yakale ya mtundu uja wokhala ndi bedi ndi kakhitchini m'kati, ndipo Lavonne anatenga penti wofiira n'kuilemba dzina kumbuyo kuti ZIKATHA. Chaka choyamba anapita ku Niagara. Chotsatira anafika ku Arizona, ndipo pobwera Lavonne anandipeza pakhonde nkhani ili m'kamwa.

"Achimwene, anthu achokera kutsidya kwa nyanja kudzaona chigwembe, aliyense kukamwa yasa. Ndikatembenuka, amuna anga ali chogwada kuseri kwa zimbudzi. Ati mbawala zakuno mapazi ake ndi aakulu."

"Analidi aakulu," anatero Orrin.

Akabwerako kumalo alionse, Lavonne ankachotsa chithunzi chake pafiriji. Chinatsala chimodzi, cha nyanja ija. Kuno dzuwa limabisala kuseri kwa phiri masana akadalipo, ndiye iye ankafuna kuliona kamodzi likulowa m'madzi, popanda chotchinga.

Chaka chimene anakonza zopita kunyanjako, Lavonne anayamba kuonda. Mu Okutobala madokotala anati ndi khansa ya kapamba, ndipo mmodzi wa iwo anamuuza mosabisa kuti ngati pali kumene akufuna kupita, apite tsopano. Pakati pa Novembala katundu anali atalongedza kale mu Zikatha, mpaka tizipewa tadzuwa.

Koma kuphiri kunali Dikoni. Inali mphongo yaikulu, nyanga zake zanthambi zotambalala kuposa mikono ya mpando. Tinaitcha Dikoni chifukwa inkangooneka Lamlungu, m'munda wa kuseri kwa tchalitchi, tsiku limene lamulo silinkalola kusaka. Orrin anali ataitsata nyengo zitatu, ndipo chaka chimenecho anali atapeza pamene imagona.

Ndinalipo pamene ankakambirana. Lavonne anali pampando wake akusokerera mabatani. Miyezi imeneyo anamusokera mwamuna wake mashati asanu nthawi imodzi, a nsalu yofunda ya mabokosi ofiira ndi akuda, ati kuti asadzayende ngati wamisala.

"Tsiku limodzi lokha, Lavonne," anatero Orrin. "Lolemba lokha. Lachiwiri tinyamuka."

Lavonne sanatukule mutu. Anadula ulusi ndi mano.

"Pitani, Bambo Kibbe. Ndadikira moyo wonse, Lolemba limodzi ndi chiyani."

Orrin atatuluka ndinamufunsa mlongo wanga kuti bwanji sanakane. Anati, "Achimwene, mukufuna ndiyende ulendo wonsewo ndi munthu amene mtima wake watsala kuphiri?"

Lolemba limenelo ine sindinapite kumsasa. Mtima sunandilole. M'mawa ndinadzera kwawo, n'kumupeza Lavonne ali pansi kukhitchini, akulephera kudzuka. Ambulansi itabwera anali akuyankhulabe. Akumukweza anandigwira mkono n'kunena kuti, "Kamuitaneni Orrin."

Kumsasa foni sizigwira mpaka lero. Tili ndi njira yathu, imene mwana aliyense wakuno amaidziwa. Umaima kumapeto kwa msewu wa malole a mitengo n'kuliza hutala katatu, kupuma, katatunso. Ukamva zimenezo umasiya chilichonse n'kutuluka, chifukwa kunyumba kwa wina kwagwa zovuta. Malo a Orrin anali mwala wina m'kachigwa kakufupi ndi msewuwo, pafupi kuposa malo a wina aliyense.

Ndinaliza. Anayamba kutulukira ndi Harlan Dunkle, mkulu wa msasa, akuthamanga ndi chimimba chake. Anatulukira ena, mmodzimmodzi, m'majekete awo a olenji, aliyense akufunsa kuti kwatani, kwa ndani. Orrin sanatulukire. Ndinalizabe mpaka dzanja linachita dzanzi. Patapita nthawi yaitali ndithu, m'kachigwa muja munalira mfuti kamodzi. Tonse tinkadziwa munthu amene amawombera kamodzi. Harlan anayang'ana pansi.

Orrin anatulukira magazi ali m'manja mpaka m'zigongono.

"Alamu, simunamve hutala?"

"Mphepo," anatero. "Mphepo imachokera kumtunda."

Kunalibe mphepo. Chipale chofewa chinkagwa molunjika pansi, pang'onopang'ono.

Chipatala chili kutali. Titafika, Lavonne anali atatseka maso. Namwino, mwana wabwino wosadziwa kanthu, anati, "Inu ndinu a Orrin? Akhala akukufunsani mpaka posachedwapa." Lavonne sanadzukenso. Anamwalira Lachitatu, Orrin atamugwira dzanja.

Dikoni anakamukoka ndi anzathu. Nyama yake Orrin anagawa yonse osalawako, ndipo nyanga zija anazikulunga m'thumba n'kuziponya kudenga la shedi. Mtembo wa Lavonne unawotchedwa monga anafunira, ndipo anali atanena kale kuti phulusa lake likathiridwe m'nyanja ija. Orrin anakhoma yekha kabokosi kokongola ka matabwa a mtengo wa tcheri, anaikamo phulusalo, anakakhazika pampando wakutsogolo wa Zikatha, n'kukamanga lamba. Ndinati chabwino, kuchedwa wachedwa koma apita.

Sanapite. Chipale chinasungunuka, mitengo inaphuka, masamba anayoyokanso, galimoto ili pompo. Lamlungu lililonse akachoka kutchalitchi ankalowamo, kuliza injini, kukhala pang'ono manja ali pachiwongolero, n'kuzimitsa. Matayala anayamba kumira m'dothi, udzu n'kumera mozungulira. Ine ndinkadutsa pamsewupo tsiku ndi tsiku, ndipo kabokosi kaja kankaoneka pagalasi, lamba ali pachifuwa pake. Ndinayamba kudzera njira yakutali kuti ndisakaone, koma ndinkakaonabe m'maganizo.

Tsiku lina ndinaima.

"Alamu, mlongo wanga mupita naye liti?"

Anayang'ana kuphiri.

"Zambawala zikatha."

Ndikanakhala ndi zaka zocheperako ndikanamumenya. Ndinamuda Orrin tsiku limenelo, ndipo ndinamuda kwa nthawi yaitali. Mlongo wanga anadikira ali moyo, tsopano ankadikira ali phulusa. Anthu ena onse ankamumvera chisoni. Azimayi a kutchalitchi ankamusiyira mapoto a chakudya pakhonde, abusa ankati nthawi ndi ya Mulungu, aliyense pepani, pepani. Ine ndinasiya kumuyankhula kupatula moni.

Nyengo yotsatira anabwera kumsasa atavala imodzi mwa mashati asanu aja. Lolemba m'mawa mfuti inalira kamodzi m'kachigwa mwake, ndipo anyamata anati basi, chiwindi chamadzulo chapezeka. Masana anatulukira chimanjamanja.

"Ndaphonya," anatero, akupachika mfuti.

Khothi lathu limakhala tikatha kudya nyemba zatsabola, mbale zisanatsukidwe. Woweruza ndi Harlan, ndipo amamenya poto ndi chipande. Tsiku limenelo anamenya mopanda mphamvu.

"Khothi likuona kuti woimbidwa mlanduyu ndi wamasiye, komanso ndi koyamba. Ndiye khothi likuti..."

"Lamulo ndi lamulo, Harlan," anatero Orrin. "Adule ndi alamu angawa."

Anasolola mpeni wake wosendera, n'kundipatsa chogwirira chili kwa ine, kenaka anatembenuka. Mchira wa shati umadulidwa pang'ono, kansalu kokwana m'dzanja. Ine ndinadula mpaka pakati pa msana. Mpeni ukudutsa ndinkamva ulusi wa Lavonne ukuduka umodziumodzi, poti mlongo wanga ankasoka kawirikawiri pamzere umodzi. Amene anayamba kuseka analeka. Orrin anati zikomo, anakhala pansi msana uli pamtunda, n'kumaliza khofi wake.

Chaka chotsatira zinali zomwezo, chinacho zomwezonso. Shati ina ya Lavonne, mfuti kamodzi, chimanjamanja, mpeni kwa ine. Anyamata anazolowera mpaka anayamba kumuseka monga amasekera wina aliyense.

"Agogo Kibbe, mbawala zati tikupatseni moni. Zati muzibwerabe, zimakusowani."

"Mawa mutenge legeni, agogo, mwina zitheka."

Iye ankangomwetulira. Koma madzulo ena, tili pakati pa kudya, anaika supuni pansi n'kufunsa kuti, "Ndani analiza hutala m'mawa uja?"

Tinayang'anana. Harlan anati palibe galimoto imene inakwera msewu tsiku lonse.

"Oo," anatero Orrin, n'kutolanso supuni yake.

Ineyo ndinakankhira mbale yanga kutali.

M'chaka chachisanu zinthu zinafika pothina. Darla anabwera kuchokera ku Ohio, kumene anakwatiwa, n'kupita ndi bambo ake kwa dokotala wa maso. Kutali Orrin ankaonabe bwino, koma m'mbali munali mutayamba mdima, ndipo dokotalayo anamuuza kuti kuyendetsa galimoto maulendo aatali kwatha. Darla anandiuza kuti Khirisimasi ikapita awatenga akakhale nawo, nyumba ndi Zikatha agulitsa. Ndinafunsa za phulusa. Anati, "Amalume, ndikaika pashelefu pabwino." Mlongo wanga, amene ankafuna nyanja, akathere pashelefu ku Ohio pakati pa wailesi ndi maluwa apulasitiki. Usiku umenewo sindinagone.

Lolemba lotsegulira sindinapite pamalo panga. Ndinadikira kuti kuyere, kenaka ndinatsata mapazi a Orrin m'chipale chatsopano, bondo langa lakumanja likundikumbutsa zaka zanga. Ndinali nditakonza mawu, ndipo ndinkafuna ndimuuze tili awiri.

Ndinamuona ndisanafike. Anali atakhala pamwala wake, msana atatsamira mtengo, mfuti ili pamiyendo. Kumunsi kwake, pafupi poti ungaigende ndi mwala, panali mphongo yaing'ono ikufukula chipale ndi phazi. Ndinaima kuseri kwa mtengo kuti ndione mmene katswiri amaphonyera.

Sankaiyang'ana mbawalayo. Mutu wake unali utapendekera kumsewu, kukamwa kuli pang'ono yasa, ngati munthu amene akuitanidwa kutali. Nkhalango yonse inali phee. Ndinatchera khutu nanenso. Sindinamve kanthu. Ndakhala ndikudziuza choncho zaka zonsezi, kuti sindinamve kanthu.

Orrin anadzuka msangamsanga ngati akufuna kuthamangira kumsewu, anaponda phazi limodzi, n'kuima. Anakhala chiimire kanthawi. Kenaka anatukula mfuti, anaitembenuza kuichotsa kwa mbawala ija, n'kuwombera kutsidya kwa kachigwa, kumene kunali chitsa chakale. Mphongo ija inathawa mchira woyera uli m'mwamba.

Ndinatsika, ndinawoloka, ndinakwera mpaka pachitsapo. Panali mabowo asanu, anayi akuda ndi kukalamba, limodzi loyera latsopano. Ndinaikapo chikhatho changa, onse anabisika.

Nditabwerera anali atakhalanso pamwala paja. Sanadabwe kundiona.

"Mwaphonyanso, alamu?" ndinatero.

"Mwaimva?"

"Chiyani?"

"Hutala. Katatu. Imalira nthawi yomweyi chaka chilichonse."

"Palibe amene waliza."

"Ndikudziwa."

Anasuntha pang'ono kundisiyira malo pamwala. Sindinakhale.

"Tsiku lija ndinaimva, Wendell. Koyamba komwe ndinaimva, ndipo ndinadziwa kuti ndi galimoto yanu. Dikoni anali kuseri kwa zitsamba izo, nyanga zokha zikuoneka. Ndinati aponde phazi limodzi basi. Inu mukuliza, ine ndikuti phazi limodzi basi."

"Ndinkadziwa."

"Ndinkadziwa kuti mukudziwa. Nanga bwanji simunanene? Aliyense pepani, abusa pepani, Darla pepani. Ndakupatsani mpeni zaka zonsezi, inu mukungodula nsalu osanena kanthu."

Mawuwo ndinali nditawasunga zaka zisanu. Ndinkaganiza kuti tsiku lowanena ndidzakuwa, koma anatuluka otsika.

"Anakufunsani mpaka mawu anamuthera, Orrin. Inu munasankha nyama."

Anatseka maso n'kugwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu waludzu amene wapatsidwa madzi.

"Eya," anatero. "Pa moyo wanga ndinaphonya kamodzi kokha, ndipo tsiku limenelo ndinapha mphongo."

"Ndiye bwanji simupita naye kunyanja? Mukumuzunziranji?"

"Ndinamuuza kuti zikatha. Kwa ine sizinathe, alamu. Ndikafuna kuyendetsa galimoto ija ndimapezeka ndili pamwala pano, hutala ikulira. Sindinachokepo pano kuyambira tsiku lija."

Pamenepo ndinakhala pansi. Mkwiyo wanga sunathe, ndisaname, koma unapeza mnzake wokhala naye, amene anali chisoni. Tinakhala pamwalapo mpaka kuzizira kunatilowa m'mafupa.

Madzulo Harlan anamenya poto monga mwa masiku onse. Anyamata anali atakonza kale zoseka zawo. Orrin anandipatsa mpeni n'kutembenuka, atavala shati yomaliza ya Lavonne. Ndinadula kansalu kakang'ono, kokwana m'dzanja, monga mwambo umanenera. Ndinatenga cholembera, ndinalemba dzina lake, ndinalemba chaka, n'kumupatsa Harlan kuti akhome.

Harlan anakayandikitsa kunyali.

"Wendell, walakwitsa chaka. Ichi ndi chaka chimene Lavonne..."

"Sindinalakwitse," ndinatero. "Mlandu suwola."

Orrin anatenga kansaluko, anakawerenga, n'kukakhoma yekha pakhoma pamwamba pa inayi ija. Anamenya msomali mpaka unalowa wonse.

"Basi," anatero. "Zatha."

"Ndikuyendetsani ndine," ndinatero. "Tikonze galimoto ija bwinobwino, tinyamuke zambawala zika..."

Ndinadzimva ndekha ndipo ndinaluma lilime.

"Mawa," anatero Orrin.

Kuno munthu satuluka m'nkhalango pa tsiku lachiwiri la nyengo pokhapokha ngati wapha kapena wafa. Koma Lachiwiri limenelo msasa wonse unatsika kuphiri. Ana a Harlan anabwera ndi thirakitala n'kuzula Zikatha m'dothi, wina anabweretsa batire, wina matayala a galimoto ya apongozi ake osawapempha. Palibe amene anatchula za mbawala. Masana asanakwane tinali pamsewu.

Ine ndinali pachiwongolero. Orrin anakhala kumbuyo pakabenchi ka pafupi ndi kakhitchini, chifukwa mpando wakutsogolo unali ndi mwini wake. Tinadzera kum'mwera pothawa chipale. Pamsewu umenewo mlamu wanga anayankhula kuposa mmene anayankhulira moyo wake wonse, koma osati kwa ine.

"Taona, Lavonne, dziko lopanda phiri ndi limodzi lomwe. Anthu akuno amabisala kuti?"

"Lavonne, khofi wakuno usamwe, ndi madzi otsukira poto."

Poyamba zinkandiopsa. Tsiku lachitatu ndinadzipeza nanenso ndikumuuza kuti chemwali, gwira bwino, pali bampu. Malo ena mbawala zinaima m'mphepete mwa msewu, gulu lonse, pakati pake pali mphongo yabwino. Ndinayang'ana pagalasi. Orrin anali akuyang'ana mbali inayo.

Mitengo yofiira ija tinaiona, ndipo ndi yaitalidi. Koma titafika kunyanja tinapeza chifunga ndi mvula yowaza. Madzi anali otuwa, kumwamba kotuwa, dzuwa losadziwika kumene lili. Ndinaimika galimoto pamalo oimikapo, moyang'ana mchenga, panalibe munthu wina aliyense. Ndinakwiya ndi nyanja, ndinakwiya ndi Mulungu amene. Mtunda wonsewo, zaka zonsezo, dzuwa osaoneka.

"Tidikire mawa," ndinatero. "Mwina kuyera."

"Ayi," anatero Orrin. "Wadikira mokwana."

Anamasula lamba, ananyamula kabokosi ndi manja awiri, n'kutsika. Jekete anasiya, anangopita ndi shati ija. Ine bondo linali litatupa ndi ulendo ndipo mumchenga sindikanayenda, ndiye ndinatsala m'galimoto ndikuyang'ana pagalasi, mawaipa akupukuta.

Anayenda mpaka m'madzi, nsapato zake zakutchire zili kuphazi. Madzi atafika m'mawondo anaima, anatsegula kabokosi, anawerama, n'kuthira pang'onopang'ono pafupi ndi madzi kuti mphepo isamwaze. Ndinalira, ndipo sindichita nazo manyazi.

Nditapukuta maso anali adakali pompo. Kabokosi anali atakapanira m'khwapa, akuyang'ana kumene madzi anamutengera mkazi wake. Funde linabwera n'kumufika m'chiuno, iye osasuntha. Kenaka anaponda phazi limodzi kutsogolo. Anapondanso lina.

Ndinatsitsa galasi n'kukuwa dzina lake, koma nyanja inameza mawu anga. Ndinakuwanso. Chifunga chinali chitayamba kumuphimba, mabokosi ofiira a shati okha ndi amene ankaoneka. Sindinaganize kanthu. Dzanja langa linapita lokha pahutala, ndipo ndinaliza katatu.

Anatembenuka ndisanamalize koyamba. Mdala wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi atatu anathamanga m'madzi, anagwa, anadzuka, anathamanga mumchenga, anagwanso, kabokosi osakataya. Anafika pagalimoto ali wefuwefu, atanyowa mpaka m'khosi, mchenga uli kumaso. Sanabwere kumbali yanga. Anazungulira, anatsegula chitseko chinacho, n'kugwira mpando wopanda munthu uja ndi manja awiri.

"Ndabwera," anatero. "Ndamva, Lavonne. Ndabwera."